Kuponi ya feteleza ndi mtengo wa nsima: masamu amene banja la ku Neno liyenera kuchita

Mwezi wa Okutobala ukafika, minda itasosedwa ndipo mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri a Kirk Range, moni wa anthu a ku Neno amasintha. Munthu akangoti "mwadzuka bwanji," funso lotsatira limakhala lakuti, "Kodi dzina lanu latuluka?" Funsoli limamveka pamjigo, kuchigayo, pamsika wa ku Ligowe, ngakhalenso pabwalo la tchalitchi anthu akamabalalika. Palibe amene amafunsa kuti dzina latuluka pati, pakuti tonse timadziwa kuti akunena mndandanda wa olandira feteleza wotsika mtengo. Boma linasiya kusindikiza timapepala tija m'chaka cha 2020, koma mawu oti "makuponi" sanachoke pakamwa pathu, ndipo m'nkhani ino tiwagwiritsa ntchito monga momwe anthu amachitira kumudzi.

Kumaiko ena mawu omwewa amatanthauza chinthu china. Ku America kuponi ndi kapepala kamene sitolo kapena kampani imapereka kuti wogula achotseredweko pang'ono pa mtengo wa sopo, buledi kapena mafuta ophikira. Mbiri imati kampani ya Coca-Cola ndiyo inayambitsa mchitidwewu m'chaka cha 1887, pomwe inkagawa timapepala tomwera tambula imodzi ya chakumwa chake mwaulere. Amayi a kumeneko akhala akudula timapepala totere m'nyuzipepala, ndipo masiku ano amatisunga pafoni. Mwini sitolo sachita zimenezi chifukwa cha chifundo ayi. Kuponiyo ndi nyambo yoti wogula alowe m'sitolo n'kugulanso zina zimene sanakonzekere.

Kuno kwathu kulibe masitolo otere. Wa okala pa Zalewa kapena pa Lisungwi sadziwa za kuponi, ndipo akakukondani kwambiri amangokuikirani banyira wa tomato mmodzi kapena usipa wodzaza dzanja. Komanso tikawerengetsa bwino ndalama zimene banja la kumudzi limawononga pa chakudya, sopo, mchere ndi mafuta a m'timapepala ndi zazing'ono. Chimene chimameza ndalama ndi chimanga chogula nkhokwe ikauma, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo chaka choipa kuyambira Ogasiti. N'chifukwa chake tikunena kuti kuponi ya feteleza ndiyo kuponi yathu ya chakudya. Siichotsera mtengo pakauntala, koma imachepetsa matumba amene banja lidzagule m'miyezi ya njala. Koma kuti zitero, kuponiyo iyenera kusanduka feteleza, fetelezayo alowe m'munda panthawi yake, ndipo chimangacho chikhale m'nyumba mpaka Febuluwale. Pa ulendo umenewu pali maenje angapo, ndipo mabanja ambiri a ku Neno amagwera m'limodzi mwa maenjewa chaka ndi chaka.

Tibwerere kaye m'mbuyo, chifukwa achinyamata ambiri amaganiza kuti makuponi akhalapo chikhalire. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990, boma linali litachotsa thandizo lonse pa mtengo wa feteleza potsatira malangizo a World Bank ndi IMF, ndipo ngongole za m'makalabu a alimi zinali zitagwa. M'chaka cha 1998 boma la Bakili Muluzi linabweretsa Starter Pack, kaphukusi ka feteleza ndi mbewu kokwanira pafupifupi kota ya ekala, kamene kankapita ku banja lililonse la mlimi wamng'ono. Kuyambira 2000 ndondomekoyi inachepetsedwa n'kuyamba kupita kwa osankhidwa okha. Kenaka kunabwera njala ya 2002, imene akuluakulu athu saiiwala: anthu anadya madeya, nthochi zanthete ndi mizu ya kutchire, pamene chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Mu 2005 mvula inadukiza ndipo anthu pafupifupi 5 miliyoni anafunika thandizo la chakudya.

Apa mpamene Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi m'nyengo ya ulimi ya 2005/06, ngakhale maiko ena otithandiza sankagwirizana nazo. Mlimi wosankhidwa ankalandira kuponi ya thumba limodzi la feteleza wokulitsa wa NPK ndi ina ya thumba la wobereketsa wa Urea, lililonse la makilogalamu 50, n'kulipira K950 pa thumba, pamene m'sitolo mtengo unali woposa kawiri pamenepo. Mvula nayo inagwa bwino zaka zotsatira. Malinga ndi ziwerengero za boma, zokolola za chimanga zinachoka pa matani pafupifupi 1.2 miliyoni mu 2005 n'kupyola matani 3 miliyoni mu 2007, ndipo chaka chimenecho Malawi anagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Akatswiri ena anakayikira ziwerengerozo, ponena kuti zinakokomezedwa, koma munthu wa kumudzi sanafunikire kuwerenga lipoti kuti aone kuti nkhokwe yake yadzaza. Mtengo wa thumba unatsikira ku K900, kenaka K800, ndipo mu 2009, chaka chimene Bingu anapambananso chisankho ndi mavoti ochuluka zedi, unafika pa K500. Unakhala pomwepo mpaka nyengo ya 2014/15, ngakhale kwacha inali itagwa kwambiri mu 2012, moti mlimi ankalipira ndalama yosafika pa magawo asanu mwa 100 a mtengo weniweni wa thumbalo.

Kuyambira pamenepo kuponi inasanduka chuma cha ndale. Palibe chipani chimene chingaime pamsonkhano n'kunena kuti chidzaithetsa. Koma mtolo wake unali wolemera kuyambira pachiyambi: m'nyengo ya 2008/09, mitengo ya feteleza itakwera padziko lonse, ndondomekoyi inadya pafupifupi magawo 16 mwa 100 a bajeti yonse ya dziko, monga momwe Ephraim Chirwa ndi Andrew Dorward anasonyezera m'buku lawo la 2013 lofotokoza za nkhaniyi. Mu 2015 mtengo unakwezedwa kufika pa K3,500, ndipo kuyambira 2016 olandira anachepetsedwa kuchoka pa 1.5 miliyoni kufika pa 900,000.

M'chaka cha 2020 boma la Lazarus Chakwera linasintha dzina kukhala AIP, linathetsa timapepala n'kunena kuti chiphaso cha unzika ndicho chikhale kuponi, ndipo linatsegulira mabanja oposa 3.5 miliyoni pa mtengo wa K4,495 pa thumba. Zokolola za 2021 zinali zabwino. Koma chisangalalocho sichinakhalitse. Nyengo yotsatira mtengo unakwera kufika pa K7,500, ndipo mu 2022 unafika pa K15,000. Chaka chomwecho nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mtengo wa feteleza padziko lonse, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 mwa 100 mu Meyi, ndipo kunatuluka nkhani yochititsa manyazi ya K750 miliyoni zimene zinaperekedwa ku kampani ina ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama kuti ibweretse feteleza, nkhani imene inachotsetsa nduna ya zaulimi Lobin Lowe ndi wachiwiri wake mu Okutobala. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwanso ndi magawo 44 mwa 100. Olandira anatsika kufika pa 2.5 miliyoni mu 2022, kenaka 1.5 miliyoni mu 2023, ndipo mu 2024 anangopyola pang'ono 1 miliyoni. Peter Mutharika atabwerera m'boma pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, dzina la FISP linabwezeretsedwa ndipo kunalengezedwa mtengo wa K10,000 pa thumba kwa alimi pafupifupi 1.1 miliyoni.

Tatchula ziwerengero zambiri, koma zonse zikuloza kumodzi. Mu 2020 pafupifupi banja lililonse la mlimi linali pa mndandanda. Patangopita zaka zinayi, mabanja awiri kapena kuposa mwa atatu alionse anali kunja. Boma la Neno, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, linali ndi anthu 138,291 pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo amadya zimene alima. Banja limene limakonza chakudya chake cha chaka chonse podalira kuti dzina lituluka likuchita mayere, ndipo mayerewo amalephera nthawi zambiri kuposa kupambana.

Tsono tiyeni tichite masamu a amene dzina lawo latuluka, pogwiritsa ntchito mitengo ya nyengo ya 2024/25. Matumba awiri ankafuna K30,000, pamene m'sitolo thumba limodzi linali litapyola K100,000. Apa pokha banja linapulumutsa ndalama zoposa K170,000. Koma phindu lenileni lili m'munda. Chimene chimabereketsa chimanga kwambiri ndi mchere wa nayitrojeni. Thumba la Urea lili ndi makilogalamu 23 a mcherewu, ndipo la NPK lili ndi makilogalamu 11 ndi theka, zonse pamodzi 34 ndi theka. M'minda ya alimi wamba, osati ya kumalo a kafukufuku, kilogalamu imodzi ya nayitrojeni imawonjezera makilogalamu a chimanga apakati pa 10 ndi 15 ngati mvula yagwa bwino ndipo munda wapaliridwa. Zimenezi zikutanthauza matumba asanu ndi awiri mpaka khumi a chimanga owonjezera. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ikamagawa chimanga cha thandizo, imawerengera thumba limodzi pa banja pa mwezi. Choncho matumba awiri a feteleza, atagwiritsidwa bwino ntchito, ndi nsima ya miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposa. Kumayambiriro kwa 2025, pambuyo pa chilala cha El Niño chimene chinachititsa kuti boma lilengeze pa 23 Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, thumba la chimanga m'misika ya kummwera linapyola K80,000. Matumba asanu ndi awiri pa mtengo umenewo ndi K560,000. Palibe kuponi ya m'sitolo ya ku America imene ingapulumutse banja ndalama zochuluka chonchi poyerekeza ndi zimene limapeza.

Dzenje loyamba lili pomwepa, ndipo ndi lakuya kuposa onse. Venda amafika m'mudzi ndi ndalama m'thumba, n'kupempha chiphaso. Nthawi zina amapita yekha kukagula, nthawi zina amamuperekeza mwini chiphaso ku depoti n'kulandira matumba panja pa mpanda. Tingoyerekeza kuti wapereka K40,000 kapena K50,000. Mayi amene walandira ndalamayo wagulitsa nsima ya miyezi isanu ndi iwiri pa mtengo wosakwana thumba limodzi la chimanga cha mu Febuluwale. Vendayo akagulitsa fetelezayo kwa mlimi wa fodya kapena kumuwolotsa malire, ndipo phindu limene boma linalipirira ndi misonkho yathu limathera m'thumba la munthu amene analibe njala.

Sitikufuna kuwanyoza ogulitsawa ngati kuti sadziwa masamu. Amadziwa. Taganizirani mayi wamasiye wa kwa Mlauli amene ufa unamuthera mu Julaye, ana akudya mango owiritsa, mmodzi wabwezedwa ku sekondale chifukwa cha fizi, ndipo akuuzidwa kuti apeze ndalama ya matumba awiri pasanathe masabata awiri. Ganyu wolima mizere m'munda wa mnzake sangamupatse ndalama imeneyo, ndipo tsiku lililonse limene ali kuganyu munda wake uli chigonere. Kwa iye mwambi uja wakuti fodya ndi uyu ali pamphuno si nthabwala. Apa mpamene pali kusokonekera kwa ndondomeko yonseyi: imafuna kuthandiza osaukitsitsa, koma imawapempha ndalama m'mwezi umene alibe kalikonse. Osaukitsitsa opanda mphamvu zolima ali ndi ndondomeko yawo ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, koma imangofikira banja limodzi mwa khumi alionse. Pakati pa ndondomeko ziwirizi pali khamu la mabanja amene ali ndi mphamvu ndi munda koma alibe ndalama ya mu Novembala, ndipo venda amawadziwa mayina awo kuposa momwe mlangizi wa zaulimi amawadziwira.

Pali chinanso chokhudza chiphaso chimene tiyenera kuchenjezana. Kuponi ya pepala ikagulitsidwa nkhani inkathera pomwepo. Chiphaso cha unzika ndi chinthu china: ndicho chimafunika polembetsa nambala ya foni, potsegula akaunti ku banki, polembetsa mavoti. Kuchisiya m'manja mwa munthu wachilendo kwa sabata yathunthu n'kudziika m'mavuto amene sadzatha ndi nyengo ya ulimi. M'zaka za AIP nyuzipepala zinalemba kangapo za alimi amene anafika pa depoti n'kuuzidwa kuti makina akusonyeza kuti anagula kale, iwo asanaone ndi thumba lomwe.

Za kugawana thumba sitinenapo zambiri. M'midzi yambiri mfumu imapempha kuti amene dzina lawo latuluka agawane ndi anzawo awiri kapena atatu, ndipo anthu amagawana ndi ndowa. Akatswiri amati izi zimachepetsa phindu, ndipo n'zoona kuti theka la thumba silingadzaze nkhokwe. Koma fetelezayo amalowa ndithu m'nthaka ya m'mudzi momwemo, ndipo ife tikuona kuti kuli bwino kugawana ndi mlongo wako kusiyana n'kugulitsa kwa venda. Cholakwika chimayamba pamene wogawitsayo afuna yake ndowa chifukwa cha udindo.

Dzenje lachiwiri ndi msewu ndi nthawi, ndipo apa Neno ili ndi dandaulo lake lapadera. Feteleza wokulitsa amafunika pobzala kapena chimanga chitangomera, ndipo wobereketsa amafunika patatha pafupifupi masabata atatu. Urea wothira chimanga chitayamba kale ngaiyaye ndi ndalama zotaya. Komatu kwa zaka zambiri feteleza wa makuponi wakhala akufika mochedwa, mwina NPK yekha, mwina Urea yekha, ndipo netiweki ikavuta anthu amagona pa depoti masiku awiri kapena atatu. Kumadera a kufupi ndi msewu wa phula monga Zalewa, lole imafika tsiku lililonse limene yatumidwa. Kumtunda kwa Dambe, Nsambe ndi Matandani n'kwina. Mvula ikangoyamba, zitunda za matope ofiira zimagonjetsa ngakhale galimoto zamphamvu, ndipo msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza walonjezedwa ndi maboma otsatizana kwa nthawi yaitali moti ana amene anabadwa lonjezolo likuyamba ali ndi mabanja awo tsopano. Mlimi wa kumtunda amalipira njinga yamoto popita, n'kulipiranso kawiri pobwera ndi matumba. Akapita ulendo woyamba n'kupeza kuti katundu sanafike, ndalama ya ulendowo yapita. Boma likamalengeza mtengo wa thumba silimawerengera zimenezi, koma banja liyenera kuziwerengera. Pempho lathu kwa akuluakulu a zaulimi ndi aphungu a m'boma lino ndi losavuta kumva: madera ovuta kufikako ndiwo azilandira katundu poyamba, mu Seputembala ndi Okutobala misewu ikadali youma, ndipo a m'mbali mwa phula adikire.

Pali funso lina limene sitikonda kulifunsa chifukwa limaoneka ngati kukana mphatso. Kodi kuponi imodzimodziyi ikuyenerera Neno yense? Boma lathu lili ndi maiko awiri. Kumtunda kumazizira, mvula imagwa yokwanira, ndipo anthu amalima chimanga, mbatatesi, tirigu, nyemba ndi manachesi. Kumunsi, kwa Symon ndi madera a Lisungwi, Matope ndi Chifunga, kumatentha ndipo mvula imadukiza kawirikawiri. Masamu tachita aja amagwira ntchito pokhapokha mvula itagwa. Chaka cha ng'amba feteleza sabweza kanthu, ndipo mlimi amataya mbewu, thukuta ndi ndalama imene mwina anakongola. Anthu a kumunsi anaziona mu 2016 ndi mu 2024, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda pamodzi ndi feteleza yemwe. Mabanja ambiri a kumeneko chakudya chawo chimachokera ku mbuzi, thonje, nandolo ndi makala. Matumba a makala amene timawaona ataimikidwa m'mbali mwa msewu pa Zalewa ndi chimanga chimene sichinabereke: munthu amadula mtengo kuti agule ufa, dothi limakokolokera mu Shire, ndipo matope ake amakavutitsa makina a magetsi ku Nkula ndi Tedzani, malo amene ali pakhomo pathu pomwe.

Boma linavomereza kale mfundo imeneyi kwina. M'nyengo ya 2021/22 alimi ena a ku Chikwawa ndi Nsanje analandira mbuzi zotsika mtengo m'malo mwa feteleza. Nyengo ya kumunsi kwa Neno siisiyana kwenikweni ndi ya kuchigwa cha Shire. Bwanji mlimi wa ku Lisungwi asapatsidwe mwayi wosankha pakati pa feteleza, mbuzi, mbewu ya mapira, kapena paipi ndi pampu yothirira dimba m'mbali mwa mitsinje ya Lisungwi ndi Mkulumadzi? Kuponi yoti munthu asankhe yekha venda sangaikonde, chifukwa mbuzi ndi pampu sizibisika m'lole ngati thumba. Tikudziwa kuti mbewu zina nazo zili ndi mavuto ake. Alimi a nandolo sanaiwale momwe mtengo unagwera mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja. Koma nandolo amadyeka pakhomo, amapirira ng'amba, ndipo amasiya chonde m'nthaka chimene chimanga cha chaka chamawa chimadya mwaulere.

Nanga amene dzina lawo silinatuluke, omwe ndi ambiri? Alangizi akhala akuphunzitsa za manyowa a Mbeya: makilogalamu 10 a feteleza amasakanizidwa ndi madeya, phulusa, ndowe za ziweto ndi madzi pang'ono, n'kumangidwa m'thumba la pulasitiki kwa masiku 21, ndipo pamatuluka thumba lathunthu. Anthu amati thumba limodzi labala asanu. Tinene zoona, nayitrojeni wa m'thumba loyamba lija sachulukana kasanu. Chimene chimawonjezereka ndi chonde cha ndowe ndi madeya, komanso nthaka imasunga chinyezi bwino. Komabe kwa banja limene lingathe kugula ndowa imodzi yokha ya feteleza, njirayi ndi yanzeru kuposa kumwaza ndowayo pa ekala yonse. Ndipo kuli bwino kuthira mokwanira pa theka la ekala, mbewu imodzi paphando monga mwa njira ya Sasakawa, kusiyana n'kunyambititsa munda wonse. Manyowa amafuna kukonzedwa mu Julaye ndi Ogasiti, nthawi imene ambiri a ife timakhala tikudikira kumva za mndandanda.

Dzenje lomaliza limabwera chimanga chitalowa kale m'nyumba, ndipo n'lomvetsa chisoni chifukwa apa banja limakhala litapambana zonse. Mu Meyi ndi Juni mavenda amakhazika masikelo pamphambano iliyonse. Mu 2024 mtengo wotsikitsitsa umene boma linakhazikitsa unali K650 pa kilogalamu, kutanthauza K32,500 pa thumba. Amene anagulitsa pa mtengo umenewo anadzagula thumba lomwelo pa K80,000 kapena kuposa patatha miyezi isanu ndi itatu. Kale anthu ankathamangira ku ADMARC, koma bungweli linatsekedwa mu 2022 kuti likonzedwenso, ndipo ngakhale linatsegulidwa, m'miyezi ya njala misika yake yakhala ikugulitsa mopimira, chimanga chikapezeka. Thumba lililonse logulitsidwa mu Juni limafafaniza gawo la phindu la kuponi ija. N'zoona kuti pakhomo pamafunika ndalama pokolola, ngongole zimadikira pakhomo, ndipo si onse ali ndi mbewu ina yogulitsa. Koma pali kusiyana pakati pa kugulitsa matumba awiri kuti ubweze ngongole ndi kugulitsa ndowa lero, ndowa mawa, pogula zinthu zimene zikanadikira. Banja liyenera kukhala pansi, bambo ndi mayi limodzi, kuwerenga pakamwa pamene pali pakhomo, kupatula matumba a chaka chonse, n'kuwateteza kwa anankafumbwe ndi mankhwala kapena matumba osalowa mpweya a PICS. Chotsala ndicho chogulitsa. Tanena kuti bambo ndi mayi limodzi chifukwa tonse tikudziwa makomo amene mayi amalima, bambo n'kumatuluka ndi ndowa madzulo.

Titabwerera ku dzenje loyamba lija, pali chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwathu, chosadikira nduna kapena phungu. Pafupifupi mudzi uliwonse ku Neno uli ndi gulu la banki mkhonde, ndipo ambiri a inu owerenga ndinu mamembala kapena alembi a magulu amenewa. Magulu ochuluka amagawana ndalama mu Disembala, kuti anthu agule zovala, mpunga ndi nyama ya pa zikondwerero. Pofika tsikulo venda amakhala atadutsa kale, ndipo nthawi ya feteleza wokulitsa imakhala itatha. Gulu limene lingasunthe tsiku logawana kufika kumayambiriro kwa Okutobala lingapatse membala wake ndalama yolipirira matumba awiri aja ndi njinga yamoto yomwe, ndipo amene dzina lake silinatuluke angagule ndowa imodzi kapena ziwiri zopangira Mbeya mitengo isanakwere. Gulu lingathenso kupatula kathumba kapadera kobwereketsa popanda chiwongola dzanja kwa amasiye ndi okalamba amene ali pa mndandanda, kuti adzabweze ndi chimanga pokolola. Ena adzadandaula kuti Khirisimasi idzakhala yowuma, ndipo dandaulolo liyenera kumvedwa, mwina posiya kagawo kochepa koti kadzagawidwe mu Disembala. Tsiku logawana limakhazikitsidwa pa msonkhano woyamba wa gulu, umene m'magulu ambiri umachitika mu Januwale, pamene malamulo a chaka akulembedwa m'kaundula. Mlembi amene akufuna kuti nkhaniyi ikambidwe aiike pa mndandanda wa zokambirana za tsiku limenelo.